Nambala 377 Ili ndi Eni Ake

Joni, 12 Malichi 1961

Amake Lena,

Muli bwanji kumeneko ku Kakumbi, inu ndi mwana, ndi amama? Ine kuno ndili bwino. Chifuwa chija chinasiya, kwangotsala kakhosi kokanda m'mawa. Alamu a Cosmas, ndikudziwa kuti ndinu amene mukuwerengera mlongo wanu kalatayi. Muwerenge yonse, osadumpha pamene pakukukhudzani monga munachitira ulendo watha.

Ntchito ya m'maluwa ndinaisiya. Dona uja anafuna kuti ndizisambitsa galu wake ndi sopo wonunkhira, ine mwana wa a Chulu, ndiye ndinamuuza kuti galuyo ali ndi lilime lake. Tsopano ndili pa sitolo ya mzungu wina, Bwana Harris. Musaseke: timapanga ndege. Osati zokwera anthu, koma ting'onoting'ono tokwana pachikhatho, timene azungu akuluakulu a imvi zawo amagula n'kukaika pa shelefu. Tindegeti timabwera zidutswazidutswa m'katoni, ife n'kumata ndi guluu, kenako penti. Bwana anandiona ndikulemba dzina pa bokosi langa, ndiye anandipatsa kaburashi kosongoka ngati munga. Iye dzanja limamunjenjemera chichokereni kunkhondo, choncho manambala onse a m'mbali mwa ndegezi ndikulemba ndine.

Manambalawo ali ndi mwambo wake. Kunkhondo ndege zinkauluka m'magulumagulu, gulu lililonse ndi nambala yake. Tsono pali azungu ena amene safuna ndege imene inalikodi. Amafuna yopeka, ya mapiko anayi kaya ya mphuno ziwiri, imene sinaulukepo. Ndege yotereyi Bwana salola kuti ilembedwe nambala ya gulu lenileni. Ali ndi buku lalikulu la chikuto chobiriwira momwe muli magulu onse, ndipo amayendamo ndi chala kufunafuna nambala imene sinakhalepo ndi mwini. Ndinamufunsa chifukwa chake. Anati, "Silas, pansi pa nambala iliyonse ya m'buku muno pagona anthu. Nambala ya akufa sitiseweretsa, ndipo imene yalembedwa muno sitikhudza." Ndinamupatsa ulemu tsiku limenelo. Ndinati mzungu uyu maliro amawadziwa.

Mapira ayenera kuti ayamba kucha. Nsanja ya kumunda muimange patali ndi mtsinje, chifukwa njovu za alamu anga zimakwerera pomwepo. Inde alamu, ndi zanu. Boma limakulipirani kuti muzizisunga, ndiye muziziuzako kuti munda wa mlongo wanu si wa boma. Bulangete la amama ndapatsira munthu wa ku Nsefu amene anyamuka sabata ya mawa. Shuga kuno wakwera chisinthireni ndalama, tiyi ndikumwa wosatsekemera.

Pasi yanga Bwana amasaina kumapeto kwa mwezi uliwonse. Malinga asaina, apolisi alibe nane mawu.

Ndine mwamuna wanu,
Silas Chulu

Joni, 23 Epulo 1961

Amake Lena,

Moni nonse. Thupi lili bwino, koma mtima sunakhale pansi chiyambire Lachitatu. Kalata iyi muwerengere amama ali pomwepo, ndipo alamu muwerenge pang'onopang'ono.

Kunabwera mzungu wa mkono umodzi, wolemera ndithu, kudzaitanitsa ndege zisanu ndi zinayi zofanana, gulu lathunthu lopeka, kuti akazikoloweke kudenga la nyumba yake. Bwana anasangalala mpaka kuimba mluzu. Anatsegula buku lake, chala n'kuyenda, n'kuima pamene pali mpata waukulu wopanda cholembedwa. Anati, "Apa ponse m'popanda mwini. Tisankhe 377, ikumveka bwino." Mzungu wa mkono umodzi anavomera, n'kupita.

Ine ndinagwetsa kabotolo ka penti. Amama, mwaimva nambalayo? Inu Amake Lena simunawaone akulu anga a Jairos, munangomva mbiri yawo. Anatengedwa nthawi ya nkhondo kupita ku Walale kukagwira ntchito pa bwalo la ndege, kugubuduza migolo ya petulo. Migolo inayaka, iwo n'kupsa ndi anzawo. Mtembo sunabwere. Chinabwera ndi kachitsulo ka mkuwa kamene ankavala pakhosi, ndipo pa kachitsulopo panali 377, nambala ya gulu lawo. Ndinali ndi zaka khumi. Amama ankakagwira m'manja tsiku lonse, ine n'kumatengera manambalawo pamchenga. Ndisanadziwe kulemba dzina langa ndinali nditadziwa kale kulemba 377.

Ndinati, "Bwana, nambala iyo ili ndi eni ake. Akulu anga anafa nayo." Iye anavula magalasi, n'kundiyang'ana bwino ndithu, osati mwachipongwe. Anati, "Pepa, Silas, koma wasokoneza. Ikanakhalapo bwenzi ili m'buku." Ndinati, "Bukulo ndi limene lasokoneza." Anaseka pang'ono n'kuti, "Ndibweretsere umboni." Ndamugwira pa mawu ake omwewo.

Choncho amama, ndikupempha kachitsulo kaja. Mukakulunge m'kansalu, alamu akatumize pa positi ya ku Fort Jameson, mwa rejisita. Ndikangomuonetsa ndikabweza ndi munthu wodalirika. Sindikataya, ndikulumbira pa dzina la akulu anga omwewo. Manambala timalemba pomalizira penipeni, ndege zikauma, ndiye nthawi ilipo mpaka kutha kwa Julaye.

Nsapato za Lena ndagula, koma ndikukayikira phazi. Mulembe phazi lake papepala ndi khala, muike m'kalata.

Ndine wanu,
Silas

Joni, 28 Meyi 1961

Amake Lena,

Kalata yanu ndalandira, ndi phazi la Lena lomwe. Mwanayu akukula ngati chimanga cha m'dimba, nsapato ndakasinthitsa. Ndamva kuti njovu zinalowa kawiri ndipo mapira otsala sakwana ngakhale nkhokwe yaing'ono. Ndamva. Musaganize kuti sindinamve.

Za kachitsulo zandipweteka. Amama, zaka zonsezi palibe anandiuza kuti munakakwirira? Ndikudziwa kuti ana sapita kumanda, koma ndinakula, ndevu zinamera, ndinakwatira. Tsono ndikumva lero kuti m'manda a akulu anga, patsinde pa mchenja ku mudzi wathu wakale, mulibe china koma kachitsuloko, kokulungidwa m'mphasa ngati munthu. Ndipo mudziwo uli tsidya la Luangwa, kumene anatichotsa kuti dziko likhale la nyama. Mvuu ili ndi chilolezo chopita kumanda a akulu anga, ine ndilibe.

Alamu a Cosmas, mwalemba m'munsi mwa kalata kuti mukamayendera nkhalango mumadutsa pafupi ndi mchenjawo, ndipo mutha kukumba mwakachetechete anzanu akatsogola. Zikomo, ndaona kuti mtima muli nawo, ngakhale mumavala yunifomu ya njovu. Koma ayi. Musakhudze dothi limenelo. Munthu anakanidwa kugona kwawo, ndiye kachitsulo kake kagone. Sindingafukule manda kuti mzungu akhulupirire zimene ine ndikudziwa kale.

Ndipo inu Amake Lena, mawu anu ndawamva. Mwati nambala ndi nambala, ndingolemba, akufa sawerenga. Mwati chaka chino mukudya kuchokera m'dzanja langa lomweli logwira burashi. Simukunama. Koma mundiyankhe ichi. Mzungu uja adzakoloweka tindege take kudenga, alendo ake ali ndi mabotolo m'manja, n'kumaseka kuti taonani gulu limene silinakhaleko. Nambala imene adzakhale akuiseka adzakhala atalemba ndani? Mng'ono wake wa Jairos. Amene sanakhaleko ndi ndani? Amama anabala mphepo?

Ndamuuza Bwana kuti umboni uli m'manda ndipo sutuluka. Anangoti, "Basi, nkhani yatha." Ine ndinati sinathe. Ndege zitatu tamata kale, ndipo ndikuzimata bwino kuposa zonse zimene ndinagwirapo, kuti asadzanene kuti ndinakana chifukwa cha ulesi.

Mbuzi yaikazi ija musagulitse. Yaimuna gulitsani, mugule mapira kwa anthu a kumtunda asanakweze.

Silas

Joni, 25 Juni 1961

Amake Lena,

Muli bwanji ndi kuzizira? Kuno madzi akuuma m'ndowa. Ndili bwino, ndikugona ndi jekete.

Mulungu sagona. Lamulungu lapitalo, titatuluka m'tchalitchi chimene timapemphera ife a kumpoto, ndinkadandaulira anzanga za nkhaniyi. Mdala wina amene amakhala kumbuyo nthawi zonse anandikoka malaya n'kuti, "Mwati nambala yanji?" Ndi a Gideon, kwawo ku Mnkhanya, mtchona weniweni, chichokereni kwawo nthawi ya nkhondo sanabwerereko. Amaphika pa hotela ina. Anapinda dzanja la malaya, ndipo mkono wonse kuyambira pachigongono ndi chipsera chokhachokha. Anati, "Jairos Chulu, wamtali, woimba pogubuduza migolo? Ndinamukoka mwendo ndine, koma moto unandiposa mphamvu." Ndinalira pakhomo pa tchalitchi, anthu akuona, ndipo sindinachite manyazi.

Anafa anthu asanu ndi awiri tsiku limenelo. A Gideon amawatchula mayina onse mosaphonya, kuyambira a Jairos, a Abraham, a Edmund, mpaka womaliza. Ati amawatchula m'mawa uliwonse asanayatse mbaula. Ndawalemba papepala.

Lachinayi anapempha maola awiri kuntchito kwawo n'kubwera ku sitolo, atavala tayi. Bwana anawamvetsera mpaka kumapeto, ndipo chipsera anachiona. Ndinati zatheka. Koma anati, "Ndakhulupirira kuti moto unaliko, ndipo ndamva chisoni. Koma awa anali alebala. Nambala yawo inali ya gulu la ntchito, osati gulu la ndege. Buku ili ndi la anthu amene anauluka." A Gideon anafunsa mwaulemu, "Bwana, inu munkauluka ndi madzi?" Bwana anangouza wophika wake kuti awapatse tiyi ku khomo la kumbuyo. A Gideon anathokoza, tiyi osamwa, n'kuvala chipewa chawo.

Atapita ndinati, "Bwana, mpatawo ndi waukulu. Pali 376, pali 378, zonse zilibe mwini. Kusuntha chala pang'ono chabe." Anati mzungu wa mkono umodzi anasindikizitsa kale nambalayo pa kachikwangwani kokakhoma m'nyumba mwake, ndipo iye sangakauze munthu wotero kuti wasintha chifukwa wantchito wake wanena. Pamenepo ndi pamene ndinamvetsa. Vuto si buku, vuto ndi pakamwa pamene patuluka mawuwo.

Amama muwauze kuti mwana wawo ankaimba mpaka tsiku lomaliza. Alamu, mukapita ku Mnkhanya mufunse ngati kuli abale a Gideon amene ali moyo, mdalayu amaopa kufunsa yekha.

Ndine wanu,
Silas

Joni, 30 Julaye 1961

Amake Lena,

Moni. Ndili moyo. Kalata iyi ndi yaifupi, ndikulembera pabondo m'chipinda cha a Gideon.

Ndege zonse zisanu ndi zinayi zinauma Lachisanu. Ndinazipenta zonse, mapiko, michira, ngakhale timaso ta oyendetsa ake. Bwana anaziika pamzere patebulo, n'kutenga kaburashi, n'kundiika m'dzanja yekha. Anati, "Silas, ndiwe wantchito wabwino kuposa onse amene ndinakhala nawo. Lemba, tiiwale." Ndinati, "Nambala ina iliyonse, Bwana, ngakhale mundidzutse nayo m'tulo. Iyi ayi." Anati, "Mawa ndi tsiku losaina pasi yako." Ndinati, "Ndikudziwa, tsikulo sindinaliiwalepo." Anati ndiganize mpaka iye abwere ku chakudya cha masana, n'kutuluka.

Ndinaganizadi. Ndinaganiza za nkhokwe yanu, za nsapato za Lena, za malata amene ndinakulonjezani. Musanene kuti sindinakuganizireni. Kenako ndinaviika kaburashi m'penti yakuda n'kulemba 377, mokongola kuposa manambala onse amene ndinalembapo. Koma sindinailembe pa ndege. Kumene ndinailemba ndidzakuuzani, pakali pano kalata zimatsegulidwa m'njira.

Pasi sanasaine. Bokosi langa latsala ku sitolo. A Gideon akundisunga, ndipo masana sindituluka. Mukamva kuti kwakhala zii, musathamangire kwa asing'anga kapena kwa abusa, mungodikira.

Mukalipe ngati mukufuna, muli ndi chifukwa. Koma mukalipire ine, osati amama.

Silas

Joni, 8 Okutobala 1961

Amake Lena,

Muli bwanji nonse? Kalata zanu zitatu ndazipeza kwa a Gideon, ndipo ndaziwerenga motsatana, yaukali, yaukali kwambiri, ndi yolira. Ndili bwino tsopano. Miyezi iwiri imeneyi ndinali kumalo kumene kulibe mapepala olembera. Apolisi anandipeza ndikupita kukagula buledi. Ife opanda pasi anatitengera ku munda wa mbatata wa mzungu wina, kumene timakumba ndi manja. Dzino limodzi lakutsogolo ndasiya komweko, ndiye mukandiona musaseke pamaso pa mwana. Zina tidzakamba tili awiri.

Pasi yanga aidinda chidindo chakuti ndituluke m'dziko muno. Sitima ndikwera Lachitatu, ndipo ngati malole a ku Fort Jameson akuyenda ndifika mvula isanagwe. Malata palibe. Njinga palibe. Ndikubwera ndi bokosi lomwe ndinapita nalo, nsapato za Lena, ndi kalata ya a Gideon yopita kwa mlongo wawo amene alamu anamupeza ku Mnkhanya.

Tsopano ndikuuzeni kumene ndinalemba. Bwana atatuluka tsiku lija ndinatsitsa buku lake lobiriwira, n'kutsegula pa mpata uja wopanda mwini. Pamenepo ndinalemba 377, ndi mayina asanu ndi awiri pansi pake, a Jairos Chulu poyamba. Ndinatengera zilembo za makina za m'bukumo, msinkhu wake ndi kupendekeka kwake, moti munthu wosadziwa sangaone kuti ndi dzanja. Ndinadikira kuti penti iume, n'kubwezera buku pamalo pake. Iye anati nambala yolembedwa m'buku sitikhudza. Lamulo ndi lake, ine ndinangolitsata.

Dzulo ndinapita kukatenga bokosi langa. Ndinalowera khomo la kutsogolo. Bwana anali yekha, wakalamba m'miyezi iwiri. Anayang'ana pakamwa panga pamene palibe dzino, n'kuyang'ana kumbali. Anati, "Unaononga buku langa." Ndinati, "Ndinalikonza, Bwana." Sanandipepese, sanandiitanenso ntchito, ndipo ine sindinapemphe. Anangokankha bokosi ndi phazi kuti ndilitenge. Bukulo linali patebulo. Ndinalitsegula iye akuona, ndipo sanandiletse. Tsamba lija silinang'ambidwe, ndipo palibe dzina limene lafufutidwa.

Potuluka ndinaima pawindo. Ndege zisanu ndi zinayi zija zili pomwepo, mzungu wa mkono umodzi anazikana, ati si zimene anaitanitsa. Ndinayandikira kuti ndione m'mbali mwake. Manambala ake ndi okhotakhota, penti yochita kudontha, dzanja lonjenjemera lija ndinalizindikira msanga. Pa ndege iliyonse palembedwa 378.

Amake Lena, chaka chino tivutika, sindikubisirani. Njala imeneyi ndaibweretsa ndine, ndipo ndidzaimva pamodzi ndi inu, ndi khasu m'manja. Mundisungire mpini wabwino. Koma mukandifunsa ngati ndingalembe nambala ija atandibwezera dzino ndi ntchito, yankho mukulidziwa, ndiye musavutike kufunsa.

Alamu a Cosmas, pano werengani mokweza kuti amama amve, ndipo mukadzadutsanso pa mchenja paja muime, muvule chipewa cha boma, munene mawu omwewa. Akulu anga a Jairos, nambala yanu sinapite pa chidole. Ili m'buku la anthu amene anafa kunkhondo, pamodzi ndi anzanu asanu ndi mmodzi, ndipo analemba ndi mwana uja ankaitengera pamchenga.

Ndine amene ndikubwera,
Silas Chulu